Tayala la Kumbuyo kwa Minibasi ya Kwaya

Ine ku Birmingham ndinapitira sukulu, kukaphunzira za nthaka. Ndikuyamba ndi zimenezi chifukwa anthu akamva nkhaniyi amayesa ndinali munthu wosowa chochita. Digiri yoyamba ndinali nayo kale, yachiwiri ndinali mkati molimbana nayo, koma mabuku sadyedwa. Ndiye Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu ndinkalawirira kuchoka ku Sparkhill kumene ndinkakhala, mabasi awiri mpaka ku Dudley, kukasambitsa nkhalamba za eni ake. Munali m'zaka za m'ma 90 muja, foni ya m'manja ili ya mabwana okhaokha.

M'nyumba yosungira okalambayo ambiri anali amayi. Amuna analipo atatu, ndipo mmodzi wa iwo ndi amene anandionetsa zakuda. Ankafuna kuti ndiziwatchula dzina lawo loyamba monga ankachitira anzanga achizungu. Ndinayesa tsiku limodzi, lilime linakana. Munthu wa imvi mbuu, wamkulu kuposa bambo anga, ndimuitane ngati mnzanga wosewera naye fulaye? Ndinayamba kuwatchula kuti Agogo, iwo n'kuvomera, ati mawuwo anawamvapo kale. Ali mnyamata, nthawi ya nkhondo yachiwiri ija, anawatumiza ku Rhodesia kukaphunzira kuwombera mfuti ali m'ndege, ndipo ophika a pa kampupo ambiri anali a kwathu. Pa maphunziro onsewo ankakumbukapo ziwiri: kusanza m'ndege tsiku ndi tsiku, ndi kuwombera chinsalu chokokedwa ndi ndege ina, chimene ankalumbira kuti sanachilasepo. Anawakhozetsa basi, poti nkhondo inkafuna anthu.

Atabwerera ku Mangalande anawatsekera m'chishedi chachikulu, anyamata namtindi, n'kuwauza kuti asankhane okha magulu a anthu asanu ndi awiri, gulu lililonse ndege yake yoponya mabomba. Panalibe mayeso, panalibe wofunsa kuti iwe ukudziwa chiyani. Woyendetsa ndege wina wa ku Nuneaton, mwana wa munthu wogulitsa nyama, anawayandikira n'kuwapempha machesi. Agogo analibe. Woyendetsayo anati palibe kanthu, ubwere uzidzakhala kumchira kwa ndege yanga. Chibale chawo chinayambira pa machesi amene panalibewo, ndipo Agogo ankawatchula kuti Akaputeni mpaka ukalamba.

Kumchirako kunali kachipinda kagalasi, kokwana munthu mmodzi atakhwinyata, ndi mfuti zinayi zoloza kumbuyo. Agogo ankati nkhondo yonse anaimenya chafutambuyo. Anapita ku Germany maulendo makumi atatu, koma kumene akupita sanakuonepo.

Ndiye panali mwambo wawo. Madzulo, asanakwere ndege, onse asanu ndi awiri ankandandalika pa tayala la kumchira n'kulikodzera, mmodzimmodzi, Akaputeni poyamba, Agogo pomaliza. Nditamva koyamba ndinaseka mpaka kukhala pa bedi lawo, thaulo lili m'manja. Anthu omwewa ndi amene anabwera kwathu kudzatidula zithumwa m'khosi! Agogo sanaseke nawo. Anati magulu ambiri ankatero, ndipo akuluakulu anayesapo kuletsa chifukwa zitsulo za tayala zinkachita dzimbiri, koma palibe amene anamvera.

Chinsinsi chawo anandiuza tsiku lina ndikuwameta ndevu. Pa ulendo wotsatizana ndi womaliza kunali chisanu choopsa, ndipo galimoto ya atsikana ogawa tiyi inadzaima chapafupi ndi ndege. Itafika nthawi yawo, Agogo anaima pa tayala, kudikira, kudikira, osatuluka kanthu. Anali mnyamata wamanyazi. Ananamizira kuti atha, n'kumanga mabatani, n'kukwera. Ulendo womwewo ndege inalasidwa pobwerera, ndipo anzawo awiri anafera momwemo, wa wailesi ndi woponya mabomba. Akaputeni anaibweza ndegeyo ndi mainjini awiri okha.

"Anyamata aja ndinawapha ndine," anatero, thovu la sopo lili kukhosi.

Ndinawauza mosabisa kuti zimenezo n'zopanda mutu, mkodzo subweza chipolopolo. Iwo anandifunsa ngati ine ndilibe kanga kamene ndimakhulupirira. Ndinangopitiriza kumeta, chifukwa ine ndemwe wa digiri ndinkalemba mayeso onse ndi bolopeni imodzi, yomata ndi selotepi.

Nkhondo itatha anawapatsa suti ya mikono yaifupi ndi tikiti ya sitima. Atafika kwawo ku Dudley, mayi awo anawayang'ana n'kunena kuti waonda, kenako anawatuma kukatapa malasha kuseri kwa nyumba. Lolemba lotsatira anayamba ntchito pa fakitale ya zitsulo, ndipo palibe anawafunsapo kuti kumwambako kunali kotani. Kuyambira pamenepo, ulendo uliwonse wotuluka m'Dudley ankayamba akodzera kaye tayala la kumbuyo, kaya ndi la basi kaya la galimoto ya mnzawo, malemu akazi awo atatambasula chikhoti kuwatchinga. Otsala a gulu lija ankakumana kamodzi pachaka. Anayamba asanu, kenako anayi, mpaka anatsala awiri, Agogo ndi Akaputeni. Chaka chilichonse Agogo ankapita atakonzeka kuti aulule, n'kubwerako atangokamba za mpira.

Lachisanu lina masana kunabwera foni. Mwana wamkazi wa Akaputeni anati bambo ake ali m'chipatala ku Nuneaton, ndipo madokotala anena kuti Lolemba sangalione. Agogo anandigwira mkono mpaka kundisiyira zipsera za zikhadabo. Anati ayenera kupita, munthu uja asapite m'manda akuyesa kuti anali ndi gulu lokhulupirika. Minibasi ya pantchito inali ku galaja mpaka Lachiwiri. Wachibale wowaperekeza analibe, ndipo miyendo inali itawakana kale, ankayendera njinga ya olumala. Manijala anati ndikapeza galimoto n'kusaina mapepala, ndiwatenge, koma ndiwabweze asanadye chamadzulo.

Mwamwayi kwaya yathu ya Amalawi inali itabwereka minibasi Loweruka limenelo, kupita ku ukwati cha ku Coventry, ndipo woyendetsa anali alamu anga, amuna a mkulu wanga. Ndinawaimbira. Anandikumbutsa kuti Dudley ili kumadzulo, Nuneaton kummawa, ndipo iwo si ambulansi. Ndinawakumbutsa amene anawalerera ana pamene ankalemba mayeso awo a zowerengera. Anati afika teni koloko.

Anafikadi. M'minibasimo munali amayi asanu ndi atatu atavala nsalu ya ukwati, maduku atayima njo, ndi amuna asanu a masuti: alamu anga, akulu a mpingo amene analinso dokotala wa za mankhwala pa yunivesite, ndi oimba besi atatu. Ndinakankha Agogo mpaka kuseri kwa khitchini kumene minibasi inaima, pafupi ndi mabini. Za tayala ndinali nditaziganizira kale. Ndinati ndiwaimika, ndiwatchinga ndi chitenje, mphindi imodzi tathana nazo, palibe adziwe. Koma Agogo anasuzumira m'minibasi n'kuyamba kuwerenga amuna ndi chala. Atafika pa asanu anapukusa mutu. Anati uwu si ulendo wamba, ndi ulendo wa gulu, ndipo uyenera kuchitika momwe unkachitikira: amuna asanu ndi mmodzi poyamba, iwo pomaliza. Kupanda kutero sakwera, chifukwa tikafika tipeza bedi atayala kale.

Abale inu, ndinamva kutentha m'mutu. Ndinawanyengerera, ndinawaopseza kuti ndiwabweza kuchipinda, ndinawauza kuti anthuwa ndi a tchalitchi. Iwo anangogwira mabuleki a njinga yawo ndi manja onse awiri. Munthu wolephera kugwira supuni, tsiku limenelo mphamvu anazipeza.

Ndinaitanira alamu anga pambali n'kuwafotokozera chapansipansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndinadya m'mawa. Nditabwereza, anaseka mpaka kutsamira bini, n'kupita kukauza anzawo aja mokweza, amayi onse akumva. Oimba besi sanavute, mmodzi anati iye anali atapanikizika kale kuchokera pa Stratford Road. Vuto linali akulu a mpingo. Anatsika pang'onopang'ono, n'kukonza tayi, n'kunena kuti iwo anachoka kwawo atasiya zizimba zonse m'mbuyo, ndipo sanawoloke nyanja kudzakhwimitsa minibasi yobwereka. Anati akudabwa kuti ine, mayi wa m'kwaya, ndingabweretse nkhani yotere tsiku la ukwati woyera.

Ndinawauza kuti ku Nuneaton munthu akutsirizika, ndipo mphindi iliyonse imene akulalikira pa mabinipo ikuchoka pa moyo wake. Ndinanena mwaukali kuposa momwe munthu amayankhulira ndi akulu a mpingo, ndipo mkulu wanga, ali pawindo, anandiponyera diso loti tikaonana kunyumba. Akuluwo anayang'ana Agogo, amene anali atavala jekete la mamendulo, chipewa chili pamaondo, akunjenjemera ndi mphepo. Anakhosomola. Kenako analengeza kuti mwambowo akuukana ndi mtima wonse, koma popeza ulendo ndi wautali ndipo iwo amwa tiyi makapu awiri, ataya madzi monga munthu aliyense wanzeru amachitira asananyamuke. Ngati zichitikire pa tayala, limenelo ndi tsoka la tayalalo.

Tinali tikuperewerabe mmodzi. Amuna ena awiri a m'nyumbamo, wina anali chigonere, wina akanauza manijala nthawi yomweyo. Ndili mkati mozunguzika, anatulukira wa positi, bambo wofiira nkhope, chikwama chili paphewa. Ndinamuimitsa. Sindikudziwa kuti mawu ndinawapeza kuti, koma ndinamufotokozera zonse m'mpweya umodzi. Anayang'ana mamendulo a Agogo, n'kuyang'ana amuna akuda asanu a masuti atandanda pa tayala, n'kutula chikwama pansi. Funso lake linali limodzi, loti iye akhala wachingati.

Agogo ndiwo anagawa maudindo. Alamu anga, poti ndi dalaivala, anakhala Kaputeni. Akulu a mpingo anawapatsa udindo woponya mabomba, ndipo sanaukonde. Wa positi anakhala wa wailesi. Amayi m'minibasi anatembenukira onse mbali ina n'kuyambitsa nyimbo ya kwaya, mokweza, kuti asamve zimene zikuchitika kumbuyo, mkulu wanga akutsogolera ndi mawu a mkwiyo. Ine ndinaima pakona ya khitchini nditatambasula chitenje, maso ali ku windo la manijala. Ndinkangoti Mulungu wanga, ndinasiya kwathu ntchito ya boma kudzachita zimenezi.

Asanu ndi mmodzi anatha bwinobwino. Oimba besi awiri anaimiritsa Agogo, wina kukhwapa ili wina ili, onse atayang'ana kumwamba mwaulemu. Tinadikira. Nyimbo inatha, amayi anayambitsa ina. Wa positi anayesa kuimba kamluzu, ati mahatchi zimawathandiza. Alamu anga anakatsegula mpopi wa panja kuti madzi azimveka. Akulu a mpingo, amene anali atakana mwambowo ndi mtima wonse, ndinawamva akulangiza kuti Agogo apume mpweya pang'onopang'ono ndipo aganizire za mathithi. Koma matenda a amuna okalamba aja sasamala kuti pali mwambo. Panadutsa mphindi khumi ndi zisanu, osatuluka ngakhale dontho.

Anawakhazikanso pa njinga. Nkhope yawo inali itasanduka phulusa. Anati zachitikanso, ngati tsiku lija, ndipo sakwera, chifukwa akakwera aphetsa amayi onsewa pamsewu.

Apa m'pamene ndinataya ulemu. Ndinagwada patsogolo pawo, chitenje chili m'manja, n'kuwauza kuti zaka fifite akhala akubisala kuseri kwa tayala, ndipo lero matayala atha. "Agogo, mukatsala pano, Akaputeni amwalirabe. Kusiyana kwake n'koti amwalira musanawauze."

Anandiyang'ana ngati ndawamenya mbama. Ndinamva chisoni nthawi yomweyo, koma sindinabweze mawu. Patapita kanthawi anamasula mabuleki okha.

Anakana kukhala moyang'ana kutsogolo. Tinawamangirira kumbuyo kwenikweni, nkhope ili pa galasi la chitseko, ine pambali pawo nditawagwira dzanja, limene linali lozizira ngati botolo la m'firiji. Ulendo wonse ankanena mokweza galimoto iliyonse yotiyandikira, yofiira kumanzere, lole kumanja ikubwera mothamanga. Poyamba alamu anga ankaseka. Titalowa mumsewu waukulu ndinawamva akuyankha nthawi iliyonse kuti amva, ndipo sanapitirire liwiro la thirakitala. Akulu a mpingo anapemphera kuchokera ku Dudley mpaka ku Nuneaton osapumira, ndipo ndikukhulupirira kuti nawonso tayala lija linali litawalowa m'mutu. Tinafika popanda ngakhale kugunda mphaka.

Kwaya inatsala panja, inandipatsa theka la ola. Ndinakankha njinga m'makonde aatali a chipatalacho, ndikuyang'ana bedi lililonse loyalidwa kumene. Koma Akaputeni analipo. Kanali kamunthu kakang'ono, kotsala mafupa, chopumira chili kumphuno, mwana wawo atakhala pambali. Ataona Agogo anatukula zala ziwiri.

Ndiye Agogo anayamba kukamba za mpira. Atatha mpira analowa za nyengo, kenako za chakudya cha kunyumba ya okalamba ku Dudley kuja, kuti nyama amaiphika mpaka kuiwala kuti inali ya chiyani. Mphindi makumi awiri zinapita choncho. Ine ndinali kumbuyo kwawo ndikuwira. Ndakodzetsa akulu a mpingo pa tayala kuti tidzakambe za nyama? Ndinawatsina paphewa, molimba ndithu.

Anaulula. Ananena zonse, chisanu chija, atsikana a tiyi, mabatani, maso ali pa bulangete. Mawu ankatuluka movutikira, ndipo pomaliza anapepesa, anati akudziwa kuti kupepesa sikudzutsa munthu.

Akaputeni anayamba kugwedezeka. Chifuwa chinkakwera ndi kutsika, maso atatsinzina, misozi ikutsikira m'makutu. Mwana wawo anadzambatuka kukaitana nesi, ine ndinati basi tawapha. Koma anakoka chopumira chija n'kuchichotsa, ndipo tinaona kuti akuseka.

"Iwe," anatero, akupuma pakati pa mawu, "ine tayala lija sindinalikodzerepo ngakhale kamodzi."

Agogo anati sanamve bwino.

"Maulendo onse makumi atatu. Amuna asanu ndi mmodzi ali kumbuyo kwanga akundidikira, zikanatuluka bwanji? Ndinkangoima, kuwerenga mpaka teni, n'kuchoka."

Agogo anatsutsa, anati tayala linkakhala lonyowa. Akaputeni anawakumbutsa kuti kuno ndi ku Mangalande, chilichonse chimakhala chonyowa. Anawonjeza kuti amene ankabwera pambuyo pawo ankadziwa, ndipo nayenso ankamukayikira. Nesi anafika akuthamanga, n'kupeza wodwala wake akuseka, ine ndikuseka nditagwira pakamwa, mwana wawo akuseka osadziwa chimene akusekera. Agogo okha ndi amene sanaseke. Anafunsa kuti nanga anyamata aja anawapha ndani. Akaputeni anati Majeremani, inali ntchito yawo, ndipo ifenso tinali titangowawotchera tauni.

Agogo anatembenuza chipewa pamaondo. Atayankhulanso, ulemu uja wa zaka zonse unali utachoka.

"Wa wailesi uja anasiya khanda la miyezi itatu," anatero. "Nditakwatira ndinauza mkazi wanga kuti ife sitidzabereka, sindikuyenera mwana. Chifukwa chake sindinamuuze. Analira zaka khumi, kenako anasiya kufunsa."

Kuseka konse kunatha. Nesi anabwezera chopumira, Akaputeni anachikankhanso.

"Ukanandifunsa."

"Ukanandiuza iwe."

Akaputeni anatambasula dzanja pa bulangete, ndipo linakhala pamenepo lokha nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti Agogo salilandira. Kenako analigwira. Ine ndinatuluka kukaima pakhonde, ndipo ndinalira ngati ndaferedwa, ndi mkwiyo womwe, koma woti ndimukwiyire sindinamupeze. Ndinkaganizira malemu akazi awo a Agogo, mayi amene sindinamuonepo. Kunja alamu anga anali atayamba kuliza hutala, ukwati unali utatsala pang'ono kuyamba. Ndinatsika n'kuwauza kuti azipita, ife tikwera takisi, Agogo sindiwachotsa pamenepo. Tinabwerera ku Dudley chamadzulo atadya kale, ndipo manijala anandilembera kalata yondichenjeza. Akaputeni anamwalira Lamlungu m'mawa.